Mzere wa Mzime

Abwana anandipatsa ntchitoyo ali chiimire, kapu ya tiyi ili m'manja, ngati munthu wotuma mwana kukagula machesi. Akuti bulawuza yakale ija tikuisiya mwezi uno, khodi yonse imene tinalembera iyo ichotsedwe, ndipo mizere yoyesera ya a Yesaninso, bambo woyesa ntchito zathu, ifufutidwe, m'malo mwake mulowe mizere yopangidwa ndi makina. Ndinavomera ndi mutu. Sindinawakumbutse kuti pa mizere imeneyo pali umodzi wa mwana wa a Yesaninso, mwana amene tinakamuika m'manda zaka ziwiri zapitazo. Mwina ankadziwa, mwina anali ataiwala. Abwana athu si munthu woipa, kungoti mutu wawo umakhala kutsogolo nthawi zonse.

Ofesi yathu ili pamwamba pa shopu yogulitsa matayala, moti fungo la labala limakwera nafe masitepe m'mawa uliwonse. Timapanga chinthu chimodzi chokha, tebulo. Amayi anga mpaka lero amauza anzawo kuti mwana wawo ndi kalipentala, ndipo ine ndinatopa kuwawongolera. Lathu ndi tebulo la pa kompyuta, lija la mizere ndi timabokosi, limene anthu ena amagula n'kuliika pa masamba awo a pa intaneti. Ukadina pamutu pa kolamu, ndandanda yotsika ija, mizere imasanjika yokha, kuyambira chaching'ono kapena chachikulu. Pamwamba pali kabokosi kosakira: ungolemba zilembo ziwiri, mizere yonse yosafunika imathawa. Mizere ikachuluka limaigawa m'masamba. Mutu wake umakhala pomwepo ngakhale utsike pansi bwanji. Ukafufuta mzere, m'munsi mumatuluka kachikwangwani kakuti "Mzere wafufutidwa. Bwezani." Kamakudikira pang'ono kuti mwina unadina molakwitsa, kenako kamazimiririka, ndipo zikatero mzerewo wapita. Ndi zomwezi zimene zimatidyetsa.

Vuto ndi lakuti anthu satsegula intaneti ndi chinthu chimodzi. Pulogalamu yotsegulira masamba, imene ife timati bulawuza, ilipo mitundumitundu, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake ngati ana obadwa kwa amayi osiyana. Tebulo lomwelo pa bulawuza iyi limaoneka laulemu, pa inayo makolamu akwerana, pa ina batani silikudinika. Ine ntchito yanga ndi yolemba khodi, malangizo amene kompyuta imatsatira. A Yesaninso yawo inali yotsegula tebulolo pa chida chilichonse, pa bulawuza iliyonse, n'kupeza pamene ndalakwitsa.

Iwowa za makompyuta sanaziphunzire kusukulu. Anayamba ngati wotayipa makalata mu ofesi ya loya wina, pa makina aja ankalira belu mzere ukatha, n'chifukwa chake ankamenya kiyibodi ngati yawalakwira. Loyayo atatseka ofesi, anakalowa ntchito yolowetsa manambala mu kompyuta ku kampani ina yonyamula katundu. Kumeneko n'kumene anadana ndi matebulo oipa. Ankati tebulo limene mutu wake umathawa ukatsika pansi linawakalambitsa msanga kuposa ana. Abwana athu anawadziwira kumeneko, anali kasitomala wodandaula kuposa onse, ndipo anaona kuti munthu wotere ndi bwino azidandaulira m'kati kusiyana ndi kunja. Anakwatira mochedwa, mayi wosoka zovala, wolankhula mofulumira ngati makina ake. Jekete sankavula ngakhale kutenthe bwanji. Masana ankadyera pa desiki atayala nyuzipepala pa kiyibodi, nyenyeswa n'kuzisesera m'dzanja, kukazisiya pawindo kuti mbalame zidye nawo.

Dzina lakuti Yesaninsoli tinawapatsa ndife. Ukagwira ntchito mpaka maso kuwawa n'kupita kwa iwo mtima uli m'malo, zinkayenda chonchi:

"Ndakonza, bambo."

Ankakankhira magalasi m'mwamba, n'kuyenda ndi shelefu yawo ya zida zoyesera kuchokera uku mpaka uko, osafulumira.

"Pa foni yaikulu zili bwino. Pa yaing'onoyi mutu wathawa. Yesaninso, amisiri."

Mawu akuti amisiriwo ankandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo kangapo konse ndinawafunsa ngati kwawo anawaletsa kuyamika munthu. Ankangoseka ndi mapewa.

Pa shelefuyo panali mafoni akale ndi atsopano, tabuleti yosweka pakona, ndi malaputopu awiri abwinobwino. Koma pa desiki pawo penipeni pankakhala laputopu yakuda, yolemera ngati njerwa, imene tonse tinkaitchula kuti Nkhalamba. Mmenemo ndi mmene munali bulawuza yakale ija. Tinkaisunga chifukwa panali maofesi ena, makasitomala athu, amene kompyuta amaisintha pokhapokha ikatulutsa utsi. Batire ya Nkhalamba inafa kalekale, moti ikangochoka pamagetsi inkazima pomwepo. A Yesaninso anamata pulagi yake kukhoma ndi tepi, kunsi kwa desiki, kuti tsache la wosesa lisaikhudze. Inali ndi timakhalidwe take. Kachikwangwani kaja kakuti "Bwezani" pa mabulawuza onse kankazimiririka kokha, koma pa Nkhalamba kankangokhala pomwepo mpaka utakatseka wekha. A Yesaninso analemba lipoti la vutoli, abwana anati ameneyo ndi matenda a ukalamba, tisataye nawo nthawi.

Tebulo lopanda kanthu sungaliyese, limafunika mizere. Lamulo la mu ofesi linali lakuti mayina enieni a anthu asalowemo, ndiye a Yesaninso analemba banja lawo popanda mayina: Bambo, Mayi, Chisamba, Mzime, Mlamu, Malume, Apongozi, mpaka Neba wa Wailesi. Mzere uliwonse unali ndi tsiku lobadwa, zaka, ndi ntchito. Pa ntchito ya Mlamu analemba kuti "kucheza nthawi ya chakudya." Mizereyi inkakhala pamalo amodzi, zida zonse za pa shelefu zinkatenga pomwepo, moti ukasintha apa zasinthika ponse. Ikafika nthawi yoyesa batani lofufutira, nthawi zonse ankasankha Apongozi.

"Pepani, amayi," ankatero, n'kudina. Kachikwangwani kakatuluka ankakayang'ana pang'ono ngati akuganiza zoipa, kenako n'kuthamangira kudina "Bwezani."

"Sindingathe. Angandimve."

Tinaseka nthabwala imeneyi kwa zaka, ngakhale pamene inasiya kuseketsa.

Kolamu ya zaka inali ndi nkhani yake. Zakazo sankalemba munthu, tebulo linkawerengera lokha kuchokera pa tsiku lobadwa. Mabulawuza atsopano masamuwo ankawatha. Nkhalamba inkalephera kuwerenga tsiku mmene tinkalilembera, n'kumangoika zilembo zopanda mutu. Ine ndinadutsa njira yachidule: ndinaika kabokosi kobisika kolembamo zaka pamanja, kuti Nkhalamba ikalephera masamu izingotenga chimene chalembedwacho. Choncho tsiku lobadwa la wina aliyense likafika, a Yesaninso ankasintha nambala ija pamanja kuti mabulawuza onse agwirizane. Sanaiwalepo, ngakhale la Neba wa Wailesi.

Chisamba anali mwana wawo woyamba, mtsikana wa kusekondale. Mzime anali kamtsikana kobwera mochedwa, pamene anthu anali atayamba kale kuwaitana kuti madala. Anabwera ku ofesi kamodzi kokha, tsiku lina sukulu itaweruka msanga amayi ake ali kogula nsalu. Anamukhazika pampando wawo, miyendo ili lende, ndipo iye anayang'ana sikirini ya Nkhalamba ngati woyendera sukulu.

"Ine ndili pati, ababa?"

"Apa, pansi penipeni."

"Bwanji pansi? Achemwali ali pamwamba panga."

"Ndi akulu."

"Kunyumba akulu, kunonso akulu?"

A Yesaninso anatenga kadzanja kake n'kukaika pa mausi, n'kudina naye pamutu pa kolamu ya zaka. Tebulo linatembenuka. Mzime anakwera pamwamba, Apongozi anatsikira pansi penipeni.

"Agogo agwa," anatero mwanayo mosasekerera n'komwe. "Ine mundisiye pompo."

Kuyambira tsiku limenelo, akamaliza kuyesa zonse, asanaweruke, ankadina kolamu ya zaka kuti Mzime agone pamwamba.

Mzime anadwala masiku ochepa. Thupi kutentha, kenako khosi kuuma, kuchipatala anayesetsa. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kumaliro tinapita ofesi yonse pa galimoto ya abwana. A Yesaninso anali ataima pakhomo ndi jekete yawo, kupereka moni kwa aliyense, kuthokoza aliyense. Nditafika ine anandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo ndinkaganiza kuti alira. Anandifunsa ngati mutu wa tebulo pa tabuleti ija ndinaukonza. Ndinapsa mtima, ndinene zoona. Ndinkaona ngati munthuyu ndi wouma mtima. Panopa sindiganizanso choncho.

Anabwerera kuntchito msanga kuposa mmene abwana anawauzira. Palibe chimene chinasintha, ndipo n'chimene chinkatisowetsa mtendere. Jekete yomweyo, nyuzipepala pa kiyibodi, nyenyeswa pawindo. Malipoti awo anali olondola ngati kale. Ankafufutabe Apongozi n'kuwabweza, koma osapepesa, osanena kanthu, kungodina apa n'kudina apo. Mu ofesi munali zii. Tinkalankhula motsitsa mawu ngati m'chipatala, kenako tinazolowera, tinayambanso kuseka zathu, iwo ali pakona pawo ndi shelefu yawo. Munthu amazolowera zinthu zoopsa.

Tsiku lobadwa la Mzime linafika osauza munthu. Ndinkadutsa kumbuyo kwawo kupita kothira madzi m'ketulo, ndipo maso anga anagwera pa shelefu. Mafoni onse, tabuleti, malaputopu awiri aja, pa mzere wapamwamba ankaonetsa 7. Nkhalamba inkaonetsa 6. Munthu amene ankandibwezera ntchito chifukwa cha kamzere kochepa ngati tsitsi anali atakhala pakati pa manambala awiri osagwirizana, manja ali pa maondo. Ndinadikira lipoti tsiku lonse. Silinabwere. Nambala ija sanaisinthe. Chaka chinanso chinapita, shelefu inati 8, Nkhalamba ili pa 6 pomwepo. Ena onse ankawasinthabe pamanja tsiku lawo likafika, Mlamu, Malume, Chisamba, onsewo.

Umu ndi mmene zinalili pamene abwana ankandipatsa ntchito ija. Ndinayamba ndi zina zonse kuti ndizengereze. Ndinachotsa khodi yothandiza Nkhalamba kusanja mizere, ndinachotsa ya kabokosi kosakira, ndinachotsa ya masamba, koma zonsezi ndinkazisunga kwanga, osazitumiza. Khodi inkachepa, inkaoneka yaukhondo ngati chipinda chotulutsidwa katundu. Ndinkayembekezera kuti ndimva chisoni kapena manyazi. Sindinkamva chilichonse, ndinkangodina, ndipo zimenezo zinkandiopsa pang'ono. A Yesaninso anamva nkhaniyi pa msonkhano monga wina aliyense. Analemba kenakake papepala, n'kufunsa ngati shelefu ikhale ndi foni ina yatsopano m'malo mwa Nkhalamba.

Lachisanu lina anaiwala mankhwala awo a mtima pa desiki. Kwawo ndi njira ya kwathu, ndiye Loweruka m'mawa ndinawapititsira. Sindinawapeze, anali atapita kometa. Mayi akunyumba kwawo anali pa makina osokera pabalaza, pafupi ndi windo, mapini ali kukamwa. Pansi panali tinsalu todukaduka, pa sofa panali mayunifolomu a ana asukulu opindidwa bwino, aliyense ndi kapepala kake. Pa khoma la kukhonde la m'kati panali timizere ta pensulo tija makolo amalemba poyeza msinkhu wa ana. Tina tinakwera mpaka paphewa langa. Tina tinathera m'chiuno.

Analavulira mapini m'dzanja, n'kundikankhira mpando ndi phazi.

"Khalani, achemwali. Kodi kuntchitoko amalankhula?"

"Amalankhula za ntchito, mayi."

"Ndiye muli ndi mwayi. Kuno amangoti zikomo. Ndikaphika, zikomo. Ndikakalipa, zikomo. Zovala za mwana ndinapatsa ana a mlongo wanga, ndinachitira dala iwo ali pompo kuti mwina andikalipire. Anandithandiza kunyamula chikwama."

Anapukusa gudumu la makina ndi dzanja, singano inatsika n'kukwera popanda nsalu.

"Ine ndinalira mpaka anthu anatopa nane. Panopa ndimangomuona akukula. Ndikamasoka yunifolomu ngati iyi ndimati, iyi ikanamukwana chaka chino, iyi ikanamuthina m'khwapa. Ndimawauza abambo akewo, amangondiyang'ana ngati ndikunena za mwana wa eni ake. Dzina lake sanalitchulepo chichokereni kumanda. Kaya ali naye pati mwanayo, ine sindikudziwa."

Ine ndinkadziwa. Sinali nkhani yanga yoti ndiulule. Ndinamwa tiyi amene anandipatsa, ndinayamikira kasokedwe ka makolala, n'kutsanzika.

Lolemba ndinalowa kwa abwana. Ndinawauza kuti mizere ya makina ilowe ndithu, koma ya a Yesaninso isachoke, ikhale limodzi. Anandiyang'ana, kenako nkhope yawo inagwa pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti akumbukira tsopano.

"Isiyeni, ilibe vuto. Koma khodi ya Nkhalamba yokha ichoke yonse, ndi kabokosi kanu kobisika kaja. Sitingatulutse tebulo latsopano lili ndi zigamba."

Sanalakwitse. Kabokosiko popanda Nkhalamba kanalibenso ntchito, panalibe bulawuza ina imene inkakawerenga. Ndinapita kwa a Yesaninso nthawi ya nkhomaliro, ena atatuluka. Anali akusesera nyenyeswa m'dzanja.

"Bambo, ndapempha kuti mizere yanu isafufutidwe. Abwana alola."

"Zikomo, amisiri."

"Koma zaka zolemba pamanja zija zichoka. Zikupita ndi Nkhalamba."

Anaima, dzanja lili chikhatho m'mwamba.

"Ndiye pazioneka chiyani?"

"Zimene makina awerengera."

"Eyiti."

"Eya."

"Chaka chamawa?"

"Naini."

"Mpaka liti?"

"Silisiya, bambo. Limangowerengera."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza nthawi ya basi. Anapita pawindo, anakasiya nyenyeswa zija, anapukuta manja mu thalauza.

"Adzandipitirira," anatero ali chakumbuyo kwa ine. "Adzapitirira ndi amayi ake omwe."

Ine ndinabwerera pa desiki yanga. Ndinkaganiza kuti ndawachitira zabwino, koma sindinkadziwanso.

Tsiku lotulutsa tebulo latsopano linali Lachinayi. Mwambo wathu ndi wakuti tisanasiye bulawuza, woyesa amaiyesa komaliza zonse, kuti makasitomala otsalira akhale ndi tebulo lakale lodziwika kuti linkagwira. Ikatha ntchito imeneyo, iye amati zatheka, ine ndimatumiza khodi yatsopano, chida chakale chimachotsedwa pa desiki. A Yesaninso anayamba masana, dzuwa litayamba kulowa pawindo la kumbali kwawo. Pansi pa shopu ya matayala makina opopera mpweya ankalira n'kusiya, kulira n'kusiya. Ine ndinalibe choti ndichite koma kudikira mawu awo, ndiye ndinatembenuza mpando wanga.

Anadina pamutu pa kolamu ya ntchito, mizere inasanjika. Analemba "ml" mu kabokosi kosakira, anatsala Mlamu yekha. Anafufuta zilembozo, banja linabwerera. Anatsika pansi kuona ngati mutu ukhala pomwepo, unakhala. Anapita tsamba lachiwiri n'kubwerera. Anakoka kolamu kuti ikule, inakula. Chilichonse ankachichonga papepala ndi bolopeni, osafulumira, monga ankachitira masiku onse. Kenako anadina kolamu ya zaka, ndipo Mzime anakwera pamwamba ndi 6 wake.

Panatsala batani lofufutira. Kamuvi ka mausi kanatsika kulunjika kwa Apongozi pansi penipeni, kanaima pamenepo. Kenako kanakwera pang'onopang'ono, kudutsa Malume, kudutsa Mlamu, kudutsa Mayi, kudutsa Chisamba. Anadina.

Mizere inasunthira m'mwamba kutseka mpatawo, monga ndinaiphunzitsira ine ndemwe. M'munsi munatuluka kachikwangwani: "Mzere wafufutidwa. Bwezani."

Anadzuka n'kuyenda ndi shelefu. Foni yaikulu anaitsegula tsamba mwatsopano, pamwamba panali Chisamba. Foni yaing'ono, Chisamba. Tabuleti yosweka, malaputopu awiri, chimodzimodzi. Anachonga papepala. Anabwerera pampando wawo n'kukhala. Pa bulawuza ina iliyonse kachikwangwaniko kakanakhala katazimiririka kalekale. Pa Nkhalamba kanali pomwepo, kachikasu, kosasuntha.

Anthu anayamba kuweruka. Wina anatsanzika, wina anaiwala ambulera n'kubwerera kudzaitenga. Abwana anasuzumira pakhomo pawo, anandiyang'ana ine kuti bwanji, ndinawapukusira mutu pang'ono, anatenga makiyi awo n'kutsika masitepe mwakachetechete kuposa masiku onse. Wosesa analowa ndi tsache, ndinamuuza kuti lero ayambire kwina. Tinatsala awiri. Dzuwa linachoka pa desiki n'kukwera khoma.

Dzanja lawo linali pa mausi, kamuvi kali pa "Bwezani" penipeni. Nthawi ina chala chinanyamuka pang'ono n'kubwerera osadina.

"Vutoli ndinalilembera lipoti," anatero. "Kachikwangwani kosachoka."

"Munalemba, bambo."

"Simunakonze."

"Abwana anati tisiye."

"Munachita bwino."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi kumapeto kwa tayi, anawavalanso.

"Amayi ake amati akanakhala wamtali. Amamusokera ndi madiresi m'mutu. Ine sindimudziwa mwana wa eyitiyo, amisiri. Ndikayang'ana pa shelefupo ndimaona mwana wa munthu wina. Wanga anali wa sikisi. Anali atangoguluka dzino ili." Analoza dzino lawo lakutsogolo.

Kenako anamutchula dzina. Ndinali ndisanalimvepo pakamwa pawo chichokereni kumaliro. Analitchula mmene munthu amaitanira mwana amene ali m'chipinda china, mosakweza mawu.

Anachotsa dzanja pa mausi, anatenga bolopeni, anachonga kabokosi komaliza papepala, n'kundipatsa pepalalo osandiyang'ana.

"Zatheka. Tumizani."

Ndinatumiza. Zinatenga kanthawi kochepa kuposa kuwiritsa madzi a tiyi.

A Yesaninso anakankhira mpando kumbuyo. Anavula jekete, koyamba chiwadziwireni, anaipinda bwinobwino n'kuiika pa desiki. Anagwada pansi ndi bondo limodzi, kenako linalo, n'kulowa kunsi kwa desiki kumene kunali pulagi. Ndinamva tepi ikumatuka kukhoma pang'onopang'ono, chifukwa inali itakhalitsa. Sikirini ya Nkhalamba inazima, kachikwangwani kaja n'kupita nayo. Kaphokoso ka fani yake yoziziritsira, kamene tinali titasiya kukamva zaka zonsezi, kanaleka, ndipo mu ofesi munangoti zii.

Sanatuluke kunsiko. Ndinkangoona zidendene za nsapato zawo, imodzi yotha mbali imodzi, ndi msana wa shati yoyera ukugwedezeka. Poyamba kunalibe mawu, kenako anabwera.

Ndinanyamula mpando wanga n'kukaukhazika pakhomo, chakunja, kuti wosesa akabwera ndimubweze. Ndinatenga foni n'kuimbira mayi akunyumba kwawo. Makina osokera ankamveka kumbuyo.

"Mayi, ndine wa kuntchito uja. Mungabwere kudzawatenga abambo?"

Makinawo anaima.

"Adwala?"

"Ayi, mayi. Akulira."

Kenako ndinamva mpando ukukankhidwira kumbuyo, ndi mawu awo akuuza Chisamba kuti awapatse nsapato.